Dzuwa la kwa eni

Munthu akamanyamuka kupita ku Mangalande, malangizo sachepa. Azakhali amamuuza za kuzizira, kuti akagule jekete lokhuthala kukaunjika asanakwere ndege. Amalume amanena za ndalama, kuti asadzaiwale kumudzi. Abusa amamuchenjeza za kutayirira. Wina amamulongedzera ufa woyera, wina usipa ndi tsabola wa kambuzi. Za dzuwa palibe amene amatchula, ndipo n'zomveka. Kwathu dzuwa timadandaula nalo likapsereza chimanga pa ng'amba ya mu Januwale, timalithawa mu Okutobala, timaliothera m'mawa wa Juni. Palibe amene amakula akuganiza kuti tsiku lina thupi lake lingadwale chifukwa cholisowa.

Mayi amene ndikusimba nkhani yakeyu sindimutchula dzina. Kwawo ndi ku Dedza, ndipo anafika ku Manchester mu 2022, chaka chimene boma la Britain linatsegulira khomo anthu akunja odzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwamuna wake anamutsatira patapita miyezi ingapo. Ntchito imene mayiyu anapeza inali yausiku. Ankalowa 8 koloko madzulo, kuweruka 8 koloko m'mawa, kukwera basi, kufika kunyumba n'kutseka makatani kuti tulo tibwere. M'miyezi yozizira ankadzuka kunja kutada kale, pakuti mu Disembala dzuwa la kumeneko limalowa 4 koloko isanakwane. Lamlungu ankapita kutchalitchi atavala jekete, mpango, chipewa ndi magolovesi, kunja kukungooneka maso ndi mphuno.

Chaka chisanathe thupi linayamba kuphwanya. M'chiuno, m'ntchafu, m'nthiti. Kukwera masitepe kunasanduka ntchito, ndipo podzuka pampando ankachita kutsamira manja m'maondo. Iye ankati ndi kutopa, poti kutembenuza ndi kunyamula anthu akuluakulu usiku wonse si masewera. Anzake kutchalitchi ankati ndi nyamakazi yobwera ndi chisanu. Ankangomwa panado n'kupita kuntchito.

Atatenga pakati, mzamba wa kusikelo anamupatsa mapepala n'kumutchulira mavitamini oti azimwa. Mapiritsi owonjezera magazi ankamwa mosadumphitsa, chifukwa amenewo ankawadziwa kuchokera kumudzi. A vitamini D anawasiya. Mzambayo anali atanena kuti ameneyu ndi vitamini wochokera kudzuwa, ndipo mayiyu anadziuza mumtima zimene Amalawi ambiri okhala kunja amanena: zimenezo n'za azungu, ife dzuwa tinapsa nalo lokwanira moyo wonse, takulira kumunda.

Maganizo amenewa amamveka anzeru, koma ndi amene amapweteketsa anthu athu. Vitamini D wambiri thupi silimupeza m'chakudya, limadzipangira lokha pakhungu. M'kuwala kwa dzuwa muli mbali ina yosaoneka ndi maso imene akatswiri amaitcha UVB. Ikagunda khungu, imasintha mafuta ena a m'khungumo kukhala vitamini D, kenako chiwindi ndi impso zimamalizitsa ntchitoyo. Vitaminiyu ndi amene amathandiza matumbo kuyamwa kashiyamu wa m'chakudya, mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano, umenenso minofu, mitsempha ndi mtima zimadalira. Akasowa, ngakhale munthu adye bwino chotani, kashiyamu wambiri amangodutsa, ndipo thupi limayamba kumukumba m'mafupa kuti m'magazi asaperewere. Thupi limasungako vitamini D, koma nkhokwe yake ndi yaing'ono, ya masabata kapena miyezi yochepa, osati ya zaka. Dzuwa limene munthu anapsa nalo akupalira ku Dedza silingamuthandize chaka chachiwiri ku Manchester.

Ndiye pali nkhani ya khungu lathu. Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri, amene amatchinga mphamvu ya dzuwa. Kwathu limeneli ndi dalitso. Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kum'mwera kwa ikweta, dzuwa limayenda m'mwamba chaka chonse, ndipo melanin amatiteteza kuti tisapse ndi kuchepetsa ngozi ya khansa ya pakhungu, kwinaku UVB wolowa akukwanabe. Manchester ali pa madigiri 53 kumpoto. Kuyambira mu Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Malichi dzuwa la kumeneko limayenda m'munsi, UVB amathera mumlengalenga, moti ngakhale mzungu sapanga vitamini D wokwanira miyezi imeneyi. Kukayamba kufunda, woyera khungu amabwezeretsa msanga, pamene wakuda amafunika nthawi yaitali kwambiri padzuwa lomwelo. Kukhala pawindo sikuthandiza, chifukwa galasi limalola kutentha kulowa koma UVB limamutchinga. N'chifukwa chake kuyambira mu 2016 akuluakulu a zaumoyo ku Britain amalangiza aliyense kumwa ma microgram 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yozizira, koma anthu akhungu lakuda, ochokera ku Africa, ku Caribbean ndi kum'mwera kwa Asia, amawalangiza kumwa chaka chonse. Amene ankaganiza kuti nkhaniyi ndi ya azungu ndiye amene inkamukhudza kuposa onse.

Mwana anabadwa mu Okutobala, wamwamuna, wooneka bwino. Khanda limabadwa ndi vitamini D amene latenga kwa mayi ake lili m'mimba, ndipo mayi amene alibe sangapereke. Namwino woyendera m'makomo atabwera, ananena kuti mwanayo azidonthezeredwa vitamini D mkamwa tsiku lililonse. Kabotolo kanagulidwa ndithu, koma kanangokhala pashelefu.

Chifukwa chake ndi chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhani yonseyi. Mayiyu anachita zimene mayi aliyense wa ku Malawi anaphunzitsidwa kusikelo, m'nyimbo ndi m'mawu a alangizi a zaumoyo: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, osapatsa mwana madzi, phala, kapena mankhwala azitsamba. Kudontheza kanthu kena mkamwa mwa khanda kunamuonekera ngati kuswa lamulo limeneli. Sindingamudzudzule. Uthenga woyamwitsa mwakathithi wapulumutsa ana osawerengeka ku matenda otsekula m'mimba, ndipo ndi uthenga woona. Koma sunaletsepo mankhwala akuchipatala kapena madontho a mavitamini, ndipo bungwe la WHO, limene limalimbikitsa kuyamwitsa kotereku, limanena zimenezi momveka. Mkaka wa m'mawere uli ndi zabwino zambiri zimene palibe mkaka wa m'chitini ungafanane nazo, koma vitamini D ndi wochepa m'menemo, makamaka ngati mayiyo akuperewera. Kumudzi zimenezi sizioneka, chifukwa mayi amakhala panja tsiku lonse, mwana ali kumbuyo, timiyendo ndi timanja tili pamtunda. M'nyumba yosanja ya ku England, m'mwezi wa Januwale, mayi ndi mwana amatha masabata dzuwa osaliona.

Pofika miyezi itatu mwanayo anayamba kuliralira, kutuluka thukuta m'mutu poyamwa ndi pogona, khosi kuchedwa kulimba. Mayiyu anaimbira amayi ake pa WhatsApp.

"Amayi, mwanayu sindikumumvetsa. Akungolira, thupi lili lende."

Kunali zii kwa kanthawi, kenako agogo anafunsa motsitsa mawu. "Nanga bambo akewo akuyenda bwino kumeneko, mwana wanga? Mwana akamatero, ife akuluakulu timayamba taganiza za tsempho."

"Ayi amayi, iwowa amangoti kuntchito, kunyumba."

"Iwe ukakhala kuntchito usiku umadziwa bwanji?"

Agogowo sanalankhule mwankhanza. Anapereka yankho limene anali nalo, limene iwonso analandira kwa amayi awo. Koma mawuwo atalowa m'nyumba, maso a anthu awiri anachoka pa mwana n'kuyamba kuyang'anana. Mkazi anayamba kufufuza foni ya mwamuna wake. Mwamuna, amene ankabwera atatheratu kuchokera kosenza makatoni, anakwiya n'kusiya kulankhula. Masabata amene akanapita ndi mwana kwa dokotala anathera pa kukayikirana. Akale anati safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa chimene akuchikayikira, ndipo m'nyumba imeneyi palibe amene ankakayikira dzuwa.

Usiku wina kumayambiriro kwa Malichi mwana anauma thupi lonse, maso kutembenuka, timanja kunjenjemera. Bambo ake anaimba 999. Mu ambulansi mayi ankangoganiza za malungo, poti kwathu mwana akakomoka chotero timathamangira kuganiza malungo aakulu, koma thupi silinali lotentha, ndipo mwanayu udzudzu wa kwathu anali asanauonepo. Kuchipatala atayeza magazi anapeza kashiyamu watsika koopsa, vitamini D ali pafupi kutheratu. Anamuika diripi ya kashiyamu. Atamujambula pamkono, mapeto a mafupa anaoneka otambasuka ndi onyenyeka, chizindikiro cha matenda ofewetsa mafupa a ana, amene mwana akayamba kuyenda amaoneka ngati matewe. Kenako anamujambula mtima.

Sanajambule mtima mwamwambo chabe. Mu 2008 madokotala a ku England analemba m'magazini ya zachipatala yotchedwa Heart za makanda 16 amene anafika kuchipatala mtima utafooka chifukwa cha kuchepa kwa kashiyamu ndi vitamini D. Onse anali a m'mabanja akuda kapena ochokera kum'mwera kwa Asia, onse anali oyamwa, ndipo ambiri anadwala nyengo yozizira ikupita kumapeto, pamene thupi lamaliza zimene linasunga. Atatu anamwalira. Amayi a anawa ankayamwitsa monga mmene aliyense amalangizira. Chinasowa ndi timadontho timene mtengo wake sufika pa tikiti ya basi ya sabata imodzi.

Mwana wa mayi wa ku Dedza uja mtima wake unapezeka uli bwino, ndipo atamwa mankhwala miyezi ingapo mafupa anayamba kulimba. Madokotala anayezanso mayi ake n'kupeza chimene chinkamuphwanya m'chiuno chija: mafupa ake nawonso anali atayamba kufewa. Atayamba kumwa mankhwala ululu unachepa pang'onopang'ono, mpaka masitepe anasiya kumuopsa. Za tsempho palibe anazitchulanso, koma mawu amene mwamuna ndi mkazi anaponyerana masabata aja sanabwerere mkamwa, ndipo kukonza zimenezo kunatenga nthawi yaitali kuposa kukonza mafupa.

Eni dzikowo matenda ofewetsa mafupa a anawa anawadziwa kalekale, moti ku Ulaya ankatchedwa matenda a Angelezi. Francis Glisson anawafotokoza m'buku mu 1650. M'zaka za m'ma 1800, mafakitale atadzaza utsi wa malasha ku Manchester, ku Glasgow ndi ku London, ana ambiri a anthu osauka, okulira m'tinjira topanikizika mopanda kuwala, anali opindika miyendo. Dokotala wina, Theobald Palm, amene anagwirapo ntchito yaumishonale ku Japan, anadabwa kuti kumeneko matendawa sankawaona. Analembera amishonale anzake a ku China, ku India ndi kwina kuwafunsa, ndipo mayankho anagwirizana: m'madera adzuwa, ngakhale kunali umphawi ndi njala, ana opindika miyendo anali osowa. Mu 1890 analemba kuti chimene ana a ku Britain ankasowa ndi dzuwa, koma anthu ochepa okha ndi amene anamumvera. Mu 1919 Kurt Huldschinsky ku Berlin anachiritsa ana powaunika ndi nyali zotulutsa kuwala kwa UV, ndipo chaka chomwecho Edward Mellanby anasonyeza kuti mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod amachiritsa matendawa pa tiana ta agalu. Mu 1922 Elmer McCollum ndi anzake anazindikira kuti m'mafutawo muli vitamini watsopano, amene anatchedwa D. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma la Britain linkagawira ana mafuta a nsombawo, ndipo matendawa anatsala pang'ono kuiwalika. Anadzaonekeranso m'ma 1960 ku Glasgow, pakati pa ana a mabanja ochokera ku Pakistan ndi ku India. Njira imene anayendamo iwowo ndi imene Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe akuyendamo lero, ndipo n'zowawa kuti mtundu uliwonse wobwera kumene ukuphunzira zimenezi kudzera pa ana ake.

Wowerenga amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata asaganize kuti izi n'za kutsidya kwa nyanja kokha. Mu 2020 Reagan Mogire wa ku Kenya ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wochokera m'mayiko 23 a mu Africa n'kufalitsa zotsatira zake mu The Lancet Global Health. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vitamini D wochepa, ndipo vutoli linali lalikulu m'matauni, pakati pa amayi ndi makanda, komanso kumpoto kwa Africa ndi ku South Africa. Abale athu amene ali ku Cape Town, pa madigiri 34 kum'mwera, adziwe kuti dzuwa la kumeneko m'miyezi ya Juni ndi Julayi limapanga vitamini D wochepa.

Kukhala m'dziko ladzuwa sikutanthauza kuti dzuwalo likukhudza khungu. Wa kuofesi amachoka m'nyumba kulowa m'galimoto, kuchoka m'galimoto kulowa mu ofesi, n'kuweruka dzuwa likulowa. Mwana wa m'nyumba yampanda amaswera pa TV ndi antchito. Khanda timalikuta shawelo pamwamba pa shawelo, chipewa ndi masokosi, ngakhale mu Okutobala. Ndipo pali china chimene sitikonda kuchivomereza: timaopa kuda. Mtsikana akabwera kuchokera kumudzi timamulonjera kuti wada bwanji, ngati wadwala. Wina zikamuyendera timati wayera. Mawu amenewa ana amawamva, ndipo atsikana ambiri amakula akudziwa kuti dzuwa ndi mdani wa kukongola. Ena amafika podzola mafuta oyeretsa khungu okhala ndi hydroquinone, mercury kapena steroid, amene amapyapyalitsa ndi kuwononga khungu mpaka munthu sangathenso kuima padzuwa osapsa. Ndimaona kuti apa tikudzilakwira kawiri, chifukwa tikunyoza khungu limene limatiteteza, kenako n'kudzimana chimene khungulo likanatipangira mwaulere.

Zimene anthu ambiri amadziwa za mavitamini n'za vitamini A, amene amaikidwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira ku Malawi, amenenso ana amadonthezeredwa kusikelo. Mayi akamva kuti mwana walandira vitamini amaganiza kuti zonse zatheka. Ameneyo ndi wina, wa maso ndi chitetezo cha thupi, ndipo salowa m'malo mwa D. Komanso kwathu kuno mwana akhoza kufewa mafupa ngakhale akuswera padzuwa. Mu 1999 Tom Thacher ndi anzake ku Jos, ku Nigeria, anapeza kuti ana amatewe a kumeneko ankachira bwino akapatsidwa kashiyamu kusiyana ndi akapatsidwa vitamini D yekha, chifukwa chakudya chawo, chodalira chimanga ndi mbewu zina popanda mkaka, chinali ndi kashiyamu wochepa. Mbale yathu ya nsima siili kutali ndi imeneyo. Mwayi wathu ndi usipa, bonya, matemba ndi kapenta, nsomba zimene timadya ndi minga yomwe, ndipo kusinja tinsomba totere n'kuthira m'phala la mwana n'kwanzeru kuposa mmene ambiri amaganizira. Si matewe onse amene ali matenda. Ana ambiri oyamba kumene kuyenda amakhala opindikako miyendo ndipo imawongoka yokha. Koma ngati kupindikako kukunka kukula, mfundo za m'manja zikutupa, mwana akulira poimirira kapena liwombo likuchedwa kutseka, apite naye kuchipatala.

Pasakhale wina womva kuti ndikuti aliyense akagone padzuwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 ku Malawi, ndipo kwa iwowa dzuwa ndi ngozi yeniyeni, chifukwa khansa ya pakhungu imawatenga akadali achinyamata. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu asazisiye pa chifukwa chilichonse, ndipo za vitamini D akambirane ndi achipatala. Khanda losakwana miyezi 6 nalonso siliyenera kuikidwa padzuwa loswa mtengo. Kwa munthu wamkulu wakhungu lakuda amene ali kwathu kuno, kuyenda panja masana mikono ndi miyendo ili pamtunda, kangapo pa sabata, n'kokwanira kwa ambiri.

Kwa amene ali ku Britain, malangizo a bungwe la zaumoyo la NHS ndi osavuta kusunga. Munthu wamkulu, kuphatikizapo woyembekezera ndi woyamwitsa, amwe ma microgram 10 patsiku, amene pabotolo lina amalembedwa 400 IU. Khanda loyamwa lilandire ma microgram 8.5 mpaka 10 kuyambira litangobadwa, kupatula ngati likumwa mkaka wa m'chitini wopitirira 500 ml patsiku, poti umenewo amathiramo kale. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 alandire ma microgram 10. Nsomba zamafuta monga sadini ndi makerele, ndi mbali yachikasu ya dzira, zimathandizako, koma pazokha sizikwanitsa. Kuchulutsanso n'koopsa, chifukwa vitamini D wambiri amakweza kashiyamu m'magazi n'kuwononga impso, choncho wamkulu asapitirire ma microgram 100 patsiku pokhapokha dokotala atalamula, ndipo mapiritsi amphamvu otsatsidwa pa intaneti asamangomwedwa chifukwa mnzako wa kuntchito akumwa. Amene thupi lakhala likuphwanya miyezi yambiri apemphe dokotala amuyeze magazi m'malo momangowonjezera panado.

Ku Scotland amayi onse oyembekezera amalandira mavitamini aulere. Ku England ndondomeko ya Healthy Start imathandiza makamaka mabanja amene akulandira thandizo la boma, ndipo ambiri amene anabwera pa viza ya ntchito salowamo, choncho asadikire kuti wina adzawapatsa. Mapiritsi ndi madontho amagulitsidwa ku famase ndi m'masitolo akuluakulu popanda kalata ya dokotala.